Njinga ya Kapitawo Chikopa

Pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, bwana analengeza kuti wothyola tiyi woposa onse alandira njinga. Anapambana mayi wina, Fulosi. Kapitawo Chikopa atamva, anamuitanira pambali.

"Luso limeneli ndinakuphunzitsa ndine. Njingayo ndi yanga, apo ayi ntchito yakuthera."

"Simukunama, a kapitawo," anatero Fulosi. "Ndikanena ndekha pagulu."

Tsiku lopereka mphoto, Fulosi anagwada. "Bwana, woyenera njingayi si ine. Aphunzitsi anga awa amathyola kuposa ine kutalitali."

Chikopa anadzitukumula ngati finye.

"Zoona?" bwana anakondwa. "Apatseni dengu, tonse tionereko."

Chiyambireni ntchito, Chikopa ankangoloza ndi ndodo, tsamba anali asanalithyolepo. Dengu kumsana, anayamba kukadzula masamba okhwima ndi nthambi zomwe, chonsecho tiyi amathyola timasamba tiwiri tanthete ndi kansonga. Amayi othyola tiyi anafa nalo phwete.

Bwana anasuzumira m'dengumo. "Kodi uyu ndi tiyi kapena nkhuni?"

Fulosi anakwera njinga yake, naliza belu.

"A kapitawo, mawa mulawire ndidzakuphunzitseni. Musaope, ine sindilanda njinga za ophunzira."