Mbale ya Mayi Shama

Dorothy adali namwino wamkulu panyumba ina yosamalirako okalamba ku Erdington, kutsidya kwa nyanja, ndipo ndiye adamupezera ntchito Everton, mwana wa malume ake wongofika kumene kuchokera ku Ntcheu. Everton adali wachangu, koma makutu ake adali ongokongoletsa mutu. Usanamalize kulankhula, iye wayankha kale: "Ndikudziwa, asisi."

Panyumbapo padali Mayi Shama, nkhalamba ya mtundu wa Yi wa kumapiri a ku China. Nzeru zidali zitawathawa, ngakhale mwana wawo yemwe sankamuzindikira, koma mbale yawo ankaidziwa. Idali yamtengo. Bambo awo adaisema okha, n'kuimata utomoni kambirimbiri mpaka idada bii ndi kunyezimira, maluwa ofiira ndi achikasu atazungulira m'mbali. Chakudya chikabwera m'mbale ina, mayiwo ankatseka pakamwa. Antchito akale onse ankaitsuka ndi kansalu kofewa basi.

Masana ena Dorothy adapeza Everton m'khitchini akumwetulira, waya wokwechera miphika uli m'manja.

"Asisi, anthu kuno uve! Mbale kuda ngati mphika wa pamafuwa. Ndaiviika m'madzi otentha, ndaikwecha. Onani, yayamba kuyera."

Dorothy adaona mdima. Utomoni udali utasendeka, maluwa atafufutika, mtengo utang'aluka.

"Iwe Everton! Wafunsa ndani? Anzako ali mbwee pa shifiti, ine ndili mu ofesi umo. Pakamwa wabwereketsa?"

"Mbale n'chinthu chofunsira? Tikawagulira ina ku Sparkhill."

"Manja a bambo awo ukawagula shopu iti?"

Mayi Shama ataiona mbaleyo adaisisita ndi zala, n'kuikankhira kutali, n'kutembenukira kukhoma. Phala adakana, supu adakana. Sabata isanathe, ambulansi idawatengera kuchipatala ku Bordesley Green. Mwana wawo adafika panyumba ya okalambayo atalusa, ndipo manijala wa nyumbayo adauza Everton kuti asadzapondenso pamenepo. Ntchitoyo ndiyo idali mzati wa viza yake, chilolezo chokhalira m'dzikomo. Mzati utagwa, denga lidatsala likulendewera.

Everton adakagogoda kwa Dorothy, maso ali pansi.

"Asisi, kandipepesereni kwa manijala. Inetu ndimafuna kuthandiza."

"Mayi aja akudyera m'paipi chifukwa cha kuthandiza kwakoko," Dorothy adayankha. "Amene wawalakwira sangamve n'komwe kupepesa kwako. Ine ndikagwade pamaso pa yani?"

Everton adatembenuka pakhomopo n'kubwerera. Akuluakulu sadaname: safunsa adadya phula.