Nyumba Imene Anamanga Amalume a Ndege

Munthu akakhalitsa kunja amabwerako ndi masutikesi awiri: ina ya zovala, ina ya nzeru zimene palibe anamupempha. Ndi mmene anabwerera mchimwene wake wa mayi wina wamasiye, telala wosoka madiresi pabalaza la nyumba yake. Anatsika ndege imvi zitayamba kale, chilankhulo cha makolo ake chikumuthina ngati nsapato yobwereka. Msewu umene anakuliramo anaupeza utasanduka timashopu ta mafoni, mtengo umene ankakwera ali mwana unali utapita kumoto kalekale, ndipo anthu amene ankawalota zaka zonsezo ankamupatsa moni wa mlendo. Ankagona m'kachipinda kosungiramo nsalu. Ana awiri a mlongo wakeyo anamutcha Amalume a Ndege, dzinalo n'kukakamira.

Sukulu zitatsekera kumapeto kwa chaka, tsiku lina m'mawa anafika kuchokera kusitolo ndi majumbo awiri, n'kuwakhuthulira patebulo: mabisiketi amakona anayi, maswiti amitundumitundu, mazira, ndi shuga wosalala ngati ufa.

"Achimwene, ukwati wake ndi wa ndani?" anafunsa telala, phazi lili pamakina.

"Lero timanga nyumba, achemwali. Makoma a mabisiketi, denga la maswiti. Ikatha, tiidya."

Mwana wamkulu anali mtsikana wa zaka khumi amene onse ankamutcha Kapitawo chifukwa chokonda kulamula. Wamng'ono, Mzime, anali ndi zaka zitatu, ndipo dziko lonse ankaliyesa ndi lilime. Onse awiri anakwera pamipando, maso ali tong'o.

Chimene amalume sanawauze n'chakuti kunjako ankamanga nyumba zoterezi chaka ndi chaka ndi ana ake enieni, patebulo la pawindo, kunja kukuzizira koopsa. Anawo anakula, banja linatha, anatsala ndi amayi awo. Masiku ano akawalembera uthenga wautali pafoni, ankamuyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Pa zonse zimene anapita nazo ndi zimene anasiya kumeneko, luso ili lokha ndi limene ankaona kuti likadali lake.

Anasakaniza shuga uja ndi choyera cha dzira mpaka zinalimba ngati phala, n'kunena kuti imeneyo ndiyo simenti. Anapaka m'mbali mwa mabisiketi, anaimika makoma anayi, anagwirizira. Koma kunjako mpweya umakhala wouma, simenti yotere imagwira munthu asanamalize kapu ya tiyi. Kuno mvula inali itagwa mbandakucha, dzuwa n'kutuluka mwaukali, nyumba yonse ikuchita thukuta. Atangochotsa manja, khoma lina linaweramira linzake ngati oledzera awiri, onse n'kugona pathireyi.

Mzime anawomba m'manja.

"Amalume, pulani ya nyumbayi inavomerezedwa koma?" anafunsa Kapitawo.

"Gwira apa, usiye zolongolola."

Anamanganso. Inagwanso. Kachitatu anafika mpaka padenga, denga n'kulowa m'kati ndi maswiti ake omwe. Mzime anali ataganiza kuti masewera ake ndi omwewo, moti ankadikira kugwako n'kumaseka mpaka kutsamwa. Malaya a amalume anali atamatirira kumsana.

Telala anadula ulusi ndi mano, n'kupinda diresi imene amasoka. "Asiyeni adye zogumukazo, achimwene. M'mimba mulibe denga."

"Simukumvetsa, achemwali. Chinthuchi chimayenera kuima."

"Chabwino, a injiniya. Ine ndikukapereka diresi iyi kwa mwini wake. Mundiyang'anire Mzime, chilichonse chowala amaponya mkamwa."

Chitseko chitatsekeka, amalume anayang'ana bwinja linali pathireyi lija, mtima ukuwawa ngati wanyozedwa pagulu. Kenako maso ake anakwera pamwamba pa kabati. Pamenepo, patali ndi manja a mwana, mlongo wake ankasungapo kachitini ka mapini osokera, aja okhala ndi timitu tozungulira, tofiira, tobiriwira, tachikasu. Anawatuma ana aja kukagula maswiti ena pagolosale ya pakona, n'kutsitsa kachitiniko.

Ntchito inayenda ngati madzi otsetsereka. Pini ikalowa pakona, makoma awiri ankagwirana ngati pachibale. Ina apa, ina apo, ina yopingasa kuti denga lisatsetsereke. Timitu take tinakhala bwinobwino pakati pa maswiti ang'onoang'ono, moti iye mwini akabwerera m'mbuyo pang'ono sankatha kusiyanitsa. Pamene pankaoneka chitsulo ankapakapo shuga. Mumtima ankati adzawazula onse nthawi yodya isanakwane, ndipo ankakhulupiriradi zimenezo. Kuwerenga sanawerenge. Munthu amene zinthu zayamba kumuyendera sawerenga.

Ana atabwerako anaima pakhomo. Nyumba inali chiimire, ndi khomo lake, mawindo a maswiti oonekera, ndi kanjira ka shuga kofika m'mphepete mwa thireyi. Kapitawo anasendera pafupi, n'kusuzumira pawindo lake.

"Palibe kukhudza," anatero amalume. "Iume kaye. Tidya mawa."

Za mapini sanatchule. Akanatchula, Kapitawo akanakauza amayi ake, ndipo nyumba ikanasanduka nthabwala ya chaka chonse. Anaijambula pafoni mbali zonse, n'kutuluka kupita kugeti kumene netiweki imagwira bwino, kuti atumize chithunzi kwa ana ake. Chithunzi chinapita. Iye anaimabe pomwepo, akuyang'ana foni ngati mlenje woyang'ana msampha. Mitambo inayambanso kuda, ndipo anamva Kapitawo akuthamangira kuseri kukanula zovala pachingwe.

Chimene chinamubweza m'nyumba sikunali kulira. Kunali kutsokomola kouma, kwakufupi, kobwerezabwereza.

Mzime anali ataimirira pampando. Ngodya imodzi ya denga panalibe. Pakamwa pake panali mbuu ndi shuga, ndipo pamlomo wam'munsi pankatsika kamzere kofiira kopyapyala ngati ulusi. M'dzanja anafumbata pini yamutu wofiira.

"Switi yoluma," anatero mwanayo, akumuonetsa.

Amalume anagwada, anamulanda piniyo, n'kumutsegula kukamwa. Munali zinyenyeswazi ndi malovu ofiirira, basi.

"Wameza ina? Mzime, yang'ana kuno. Wameza?"

Mwanayo anagwedeza mutu kuvomera, kenako anapukusa kukana, kenako anayamba kulira chifukwa cha nkhope imene amalume ake anali nayo. Amalume anatola chidutswa cha denga chimene chinagwera pansi. Chinali ndi timabowo tingapo, ndipo m'timabowomo munalibe kanthu. Anakwawa pansi pa tebulo akupapasa paliponse ndi zikhatho. Sanapeze chilichonse.

Mlongo wake anamupeza ali chokwawa chomwecho.

"Mwataya chiyani?"

"Ndinaikamo mapini anu. M'nyumbamo. Kuti iime."

Telala anayang'ana kachitini kali patebulo, anayang'ana denga lobenthuka, anayang'ana mlomo wa mwana wake. Sanakuwe. Amalume akanakonda akanakuwa.

"Angati?"

"Sindinawerenge."

"Iwe," anatero mayiyo, ndipo aka kanali koyamba kumutchula choncho chibwerereni. Anamunyamula Mzime pang'onopang'ono ngati dzira, osamupinda pamimba. Kapitawo anabwera ndi kapu ya madzi, amayi ake n'kuikankhira kumbali. "Asamwe kanthu. Iwe pita kwa aneba, ndipo chinthu icho usachiyandikire."

Mutakisi, bampu iliyonse ya mumsewu amalume ankaimva m'mimba mwake momwe. Mwana akameza malovu, iye ankatseka maso. Anali munthu wowerenga mabuku ambiri, ndipo tsopano zonse zimene anawerengapo za matumbo zinamubwerera, zopyapyala ngati pepala lonyowa, zopindikapindika, kachitsulo kosongoka kakuyenda m'menemo mumdima. Mzime anali atasiya kulira, atatsamira pachifuwa cha amayi ake. Kukhala chete kumeneko kunkaopsa kuposa kulira.

Kuchipatala namwino atangomva mawu akuti pini anawadutsitsa pamzere. Anamujambula mwanayo pamakina oona m'kati mwa thupi, ndipo dokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anawaitana kuti aone. Pansi pa tinthiti tating'ono, pamalo akuda, panali kamzere koyera kowongoka bwino, kogona chopingasa.

"Imene ikuoneka ndi imodzi," anatero dokotala. "Ikadali m'chifu. Ikatsikira m'matumbo ikhoza kuboola, ndiye sitidikira. Timugoneka tulo, tilowetse kachubu kukamwa, tiikoke. Inali pati piniyi?"

"Mubisiketi," anayankha telala.

Dokotala anatsitsa magalasi. "Mubisiketi? Anaikamo ndani?"

Telala anangoyang'ana khoma.

"Ndine," anatero amalume.

Dokotala anamuyang'ana kuyambira kunsapato zake zakunja mpaka kuimvi, n'kutembenukira kwa namwino.

Amalume anakhala pabenchi la mukhonde, mlongo wake kumapeto uku, iye kumapeto uko, pakati pawo malo okwana anthu atatu amene palibe anayerekeza kukhalapo. Chitseko chimene Mzime analowera chinali ndi kawindo kosaonetsa m'kati. Chikatseguka onse awiri ankadzuka, n'kukhalanso. Milomo ya telala inkagwedera ndi pemphero lopanda mawu. Amalume anayesa kupemphera nawo, koma anapeza kuti mapemphero a ubwana wake anawaiwala pakati, ndipo akunja sanawaphunzire.

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali mwana wake wamkazi, ndipo ulendo uno sichinali chala chachikulu. Anali mawu enieni, oyamba pa miyezi yambiri: yakongola kwambiri, adadi, ngati zija tinkamanga. Anawerenga kamodzi, n'kuzimitsa foniyo.

Dzuwa litapendeka namwino anatuluka ndi kabotolo. M'katimo munali pini yamutu wobiriwira, yoyera bwino ngati sinapite kulikonse.

"Yatuluka. Yakanda pang'ono pammero, koma sinaboole. Agona konkuno timuone mpaka mawa."

Telala anakhala pansi penipeni, pasimenti, n'kuphimba nkhope ndi mpango. Mapewa ake anagwedezeka nthawi yaitali. Amalume anatambasula dzanja kuti amugwire, dzanjalo n'kuima m'malere. Atadzuka, mayiyo anapukuta m'maso, n'kulankhula osamuyang'ana.

"Pita kunyumba. Ndikamabwera ndi mwanayu ndisakachipeze chinthu chija."

Amalume anakafika kunyumba kunja kukadali kowala. Nyumba ya mabisiketi inali pomwe anaisiya, yowongoka, yonyezimira, simenti yake itauma tsopano, moti mwina ikanaima ngakhale popanda thandizo. Kapitawo anabwera kuchokera kwa aneba, ndipo atamva kuti mng'ono wake ali bwino anatsegula kabati ya amayi ake n'kutulutsa maginito amene telala amatolera mapini akagwa pansi.

Amalume anatenga supuni n'kuyamba kuphwanya. Denga linasweka, makoma anagwa, ndipo Kapitawo ankayendetsa maginito pamwamba pa zinyenyeswazi. Mapini ankadumpha okha, ina pakona, ina pansi pa windo, ina m'kati mwenimweni mwa khomo limene Mzime akanaluma mawa lake. Ena amalume sankakumbuka n'komwe kuti anawalowetsa. Maginito anachita nyenyenye ngati kanungu, ndipo ankati atha, kwinakwake kunkatulukanso ena.

Mtsikanayo anayang'ana mulu wa zitsulo uja, kenako amalume ake. M'mawu ake munalibe chipongwe chija cha m'mawa. Ankafunadi kudziwa.

"Amalume, nyumba za kunja kuja zonse zimaima choncho?"

Amalume a Ndege anakokolola zinyenyeswazi zija, maswiti ndi shuga womwe, n'kukazikwirira kuseri kuti ngakhale galu asazipeze.

Akuluakulu anaona kale zoterezi asanaone ndege kapena bisiketi, n'chifukwa chake anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.