Nyimbo ya aNachisale ndi Foni Yatsopano

Panali munthu wina, dalaivala wa bungwe lina mumzinda wa Lilongwe, dzina lake Yotamu. Ntchito yake inali kunyamula mabwana, kukawatula kumisonkhano, n'kumawadikira panja mpaka atamaliza kudya.

Kwawo ku Ntchisi kunali mayi ake, aNachisale. Mayiwa sankadziwa kulemba, koma ankadziwa kupeka nyimbo. Nyimbo zambiri zimene amayi akumpingo kwawo ankaimba pamaliro zinachokera pakamwa pawo. Anthu amene anawaperekeza kumanda ndi mawu awo ndi osawerengeka.

Atayamba kufooka, anapeka nyimbo ina yoti idzaimbidwe pamaliro a iwo eni. Anafuna kuwaphunzitsa amayi anzawo, koma amayiwo anakana. Anati kuimba nyimbo ya maliro a munthu mwiniwake akuyenda n'kulaula. Sindikuwaimba mlandu. Ngakhale ine ndikanakana.

Ndiye tsiku lina Yotamu atapita kukacheza, mayi ake anamutengera kudimba, kutali ndi makutu a anthu. Anamuuza kuti atsegule foni yake pamalo posungira mawu. Anakhala pamzere, natambasula miyendo, naimba nyimbo yonse, mawu a wotsogolera ndi a ovomera omwe. Atamaliza anati, "Uisunge, Yotamu. Tsiku langa likadzakwana udzawamvetse amayi akumpingo pasiwa. Ndi amakutu akuthwa aja, akadzaimva kawiri katatu adzaigwira. Adzandiperekeze nayo."

Yotamu analonjeza. Koma nyimboyo sanaimverenso, chifukwa palibe mwana amene amasangalala kumva mayi ake akuimba maliro awo. Sanaiphunzire, sanatumizire mlongo wake, sanaikope kwina kulikonse. Inangokhala m'fonimo.

Tsono mukudziwa kuti mafoni amakonowa ali m'mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo mitunduyi siigwirizana. Wina ndi umene ambirife tili nawo m'matumbamu. Chaja yake umabwereka kwa aliyense, foniyo ikawonongeka okonza ali pakona paliponse. Winawo ndi wa mtengo wapatali, ndipo uli ndi njira zakezake. Yonse ndi yabwino, yonse imaimba, yonse imalandira. Koma katundu wa m'foni ya mtundu uwu sangolumphira yekha m'foni ya mtundu uwo. Pamafunika nthawi ndi munthu wodziwa, monga zimakhalira posamuka nyumba.

Yotamu anali ndi ya mtundu wa ambirife. Mabwana ake onse anali ndi ya mtundu winawo. Akakhala m'galimoto ankatumizirana zithunzi mongoyandikizitsa mafoni, n'kumaseka zimene iye sankaziona. Tsiku lina ali kuntchito m'midzi anamupempha kuti awajambule, iye n'kutulutsa yake. Bwana wina anati, "Ayi, abambo Yotamu, tengani yangayi. Yanuyo titulukamo ngati tili mu utsi." Onse anaseka, ndipo nayenso anaseka nawo, poti dalaivala amaseka bwana akaseka. Bwanayo sanali ndi cholinga choipa, ndipo pofika madzulo anali ataiwala. Yotamu sanaiwale.

Kuyambira tsikulo mtima wake unagawika. M'mawa ankati, foni yangayi yandilakwira chiyani? Manambala onse alimo, batire limatha tsiku, ndipo zala zanga zinaizolowera. Madzulo ankati, koma munthu woyenda ndi akuluakulu aziyenda ndi chinthu cha ulemu. Anafunsa anzake, ndipo aliyense ankatama yake, monga achitira anthu ndi mipingo yawo. Wina anati akasintha adzalira ndi chaja. Wina anati akangolawa mtundu winawo sadzabwereranso. Anayeza kuwala kwa zithunzi, kulimba kwa galasi, kukula kwa malo osungira zinthu. Miyezi inapita akuyeza. Pa zonse zimene anayezazo, nyimbo ya mayi ake sanaiyeze.

Pomaliza anapita kumsika, kwa wamalonda wina wogulitsa mafoni ogwirapo kale ntchito. Anapeza ya mtundu wa mabwana, yosalala, yopanda chipsera. Anagwirizana kuti asiye yake yakale ndi kuwonjezera ndalama pamwamba. Pabenchi pafupi ndi wamalondayo panali anyamata ndi atsikana angapo a m'tauni, akucheza n'kumayang'ana.

Wamalondayo anali munthu wachilungamo, ndipo ndikufuna mumve bwino pamenepa. Anachotsa simu khadi naiika m'foni yatsopano, kenaka anati, "Akulu, yakaleyi ndiifufuta zonse kuti ndigulitse. Manambala asamuka ndi simu khadi, koma mawu ojambulidwa ndi zina zotere zitsala. Ngati muli chofunika nenani, mubwere mawa, ndikusamutsireni pakompyuta. Muli chiyani m'menemu?"

Pamenepo Yotamu anakumbukira. Sikuti anaiwala ayi. Anaona dimba lija, anaona mayi ake atatambasula miyendo pamzere. Koma anaonanso achinyamata aja akumuyang'ana. Anene kuti muli nyimbo ya maliro ya nkhalamba ya ku Ntchisi? Abwerere kunyumba chimanjamanja, mawa n'kupeza foni yosalala ija itatengedwa ndi wina? Mumtima anati, amayi alipo, adzaimbanso.

Ndipo anayankha kuti, "Mulibe kanthu. Ndi za kumudzi basi. Fufutani."

Wamalonda anadina, foni inathima, inayakanso ili mbee. Sizinatenge nthawi imene munthu amatenga pomwa kapu ya tiyi.

Kuntchito mabwana anaiona foni yatsopanoyo. Wina anati, "Mwakwera, abambo Yotamu," n'kupitiriza nkhani yake. Ulemu wonse umene anagula unali womwewo.

Patapita nthawi anapita kumudzi. Anapeza mayi ake ataonda, akuyenda ndi ndodo, koma mawu akadali nawo. Anawakhazika pakhonde nawajambula zithunzi, ndipo zinatuluka zokongola kwambiri, makwinya onse akuoneka bwinobwino. Mayiwo anaigwira foniyo ndi manja awiri, naitembenuza uku ndi uku.

"Wasintha," anatero. "Nanga nyimbo yanga ija yasamuka nawo?"

Apa ndiye pamene pamandiwawa ine. Kufufuta kuja kunali kupusa, ndipo kupusa kumakonzeka. Mwini nyimbo anali pamaso pake, wamoyo. Foni inali m'manja, yojambula mawu bwino kuposa yakale ija. Dimba linali pomwepo. Chimene chinkafunika ndi kungoti, amayi, ndinalakwa, ndinaitaya, imbaninso. Akanamukalipira, mwina akanalira, kenaka akanaimba, poti ndi mayi.

Koma Yotamu anati, "Inde amayi, ilimo."

"Wachita bwino," anatero mayi ake. "Ine mutu wayamba kutayikira. Ndime yomaliza ija ndikaifuna masiku ano imandithawa. Tandimvetsa pang'ono, ndiikumbukire."

Iye anayang'ana foni, nati batire latsala pang'ono kutha, ndipo m'mudzi monsemo mulibe chaja yogwirizana ndi mtundu umenewu. Za chajazo zinali zoona. Za batirezo linali bodza. Mayiwo anangoti, "Chabwino, ulendo wina," n'kulowa m'nyumba kukamukazingira mtedza wa panjira.

M'basi pobwerera anadzilonjeza kuti mwezi wamawa adzapita ndi mtima wolimba, akaulule. Mwezi wamawa kunali ulendo wa kumpoto ndi mabwana. Mwezi winawo mvula inadula msewu. Kunena zoona, msewu sunali wodukiratu, njinga zamoto zinkadutsa. Chimene chinkamuletsa ndi nkhope ya mayi ake imene ankaiona m'maganizo, itamva kuti mwana wawo anawanamiza pakhonde pawo pomwe. Akulu anati manyazi anapha lambe.

Uthenga unamupeza ali pantchito, pafoni yatsopano yomweyo. Mayi ake anagwa m'mawa akusesa, ndipo sanadzukenso.

Anafika kumudzi masana, dzuwa litapendeka. Amayi akumpingo anali atadzaza m'nyumba ya siwa, ena atakhala panja m'mbali mwa khoma. Malemu anali atawauza kale onse kuti nyimbo yawo ili ndi Yotamu, choncho amayiwo sanakonze ina yoperekezera. Anali atabwereka sipika kusukulu kuti aliyense amve bwino. Atangomaliza kulira kwa pofika, mtsogoleri wa amayiwo, mnzawo wa malemu kuyambira pautsikana, anamuyandikira nagwada.

"Bambo, pepani ndi zovutazi. Anzathu anatisiyira mawu kuti nyimbo yawo ili ndi inu. Tiyatsireni, tiyambe kuiphunzira kusanade."

Yotamu anatulutsa foni. Anadina apa, nadina apo. Anati mwina siigwirizana ndi sipikayo.

"Palibe kanthu," anatero mayiwo. "Timvera pafoni pomwepo." Ndipo anatembenuka n'kukweza dzanja.

Nyumba yonse inakhala chete. Amene ankalira anameza kulira kwawo. Amene anali panja anasunthira pakhomo ndi pamawindo. Mlongo wake wa Yotamu, amene anali atakhala kumutu kwa mtembo, anapukuta misozi natchera khutu, kuti amve mawu a mayi ake kamodzinso. Anthu onsewo anadikira, ndipo Yotamu anaimirira pakati pawo ndi chinthu chowala m'manja.

Kenaka anati, "Mulibe."

"Yapita kuti?"

"Ndinasintha foni. Inatsala m'yakale, ndipo anaifufuta."

Mayi uja anafunsa motsitsa mawu, "Anzathuwa ankadziwa?"

"Ayi. Ndinawauza kuti ilimo."

"Ndiye kuti agona akudziwa kuti tiwaimbira," anatero mayiwo.

Sanamutukwane, ndipo bwenzi zili bwino akanamutukwana. Anamupempha kuti ayese kukumbukira ngakhale pang'ono, iwo alumikiza zotsalazo. Yotamu anayesa. Anapeza mawu ochepa a koyambirira, opanda kaimbidwe kake, ndipo ngakhale mawuwo sanali nawo chikhulupiriro. Amayi anayesa kuwaika m'nyimbo uku ndi uku, koma sizinagwire. Mlongo wake anayambiranso kulira, ndipo kulira kumeneku kunali kwina.

M'mawa mwake aNachisale anapita kumanda ndi nyimbo ya m'buku, imene timaimbira munthu aliyense, ngakhale mlendo wofera panjira. Ndi nyimbo yabwino, ndipo amayi anaiimba ndi mtima wonse. Koma aliyense pamzere wopita kumandawo ankadziwa kuti si imeneyo imene mwiniwake anapempha. Yotamu anayenda kumbuyo kwa bokosi, foni ili m'thumba, ndipo palibe amene anamufunsa kuti ndi ya mtundu wanji.

Tsono inu amene mwandimvera, musachoke pano n'kumati mkulu uja akuletsa kusintha mafoni. Sinthani. Amene ali kuno akufuna kupita uko apite, amene ali uko akufuna kubwera kuno abwere, zonsezo ndi zitsulo. Mudzasinthanso zina zazikulu kuposa foni: ntchito, malo okhala, anthu ocheza nawo. Koma musanasamuke, khalani pansi mufunse kuti ndani anandisungitsa chiyani m'nyumba ndikusiyayi. Si zonse zili m'manja mwanu zimene zili zanu. Ndipo wina akakufunsani pagulu kuti muli chiyani m'menemu, musachite manyazi kutchula za kwanu. Amene mukuwaopa kuti akusekani aja, pamaliro a mayi anu sadzabwera.

Ngati mwataya kale, mawu anga ndi amodzi. Kanene mwiniwake akadali ndi mpweya woimbira. Adzakwiya, ndipo mkwiyo wa munthu wamoyo umatha. Ndikuona ena mwa inu mwaweramitsa mitu, ndipo sindikufunsani chimene munataya. Basi yopita kwanu imanyamuka m'mawa uliwonse.