M'chitsime Muli Mankhwala

Kalekale, osati kale la makolo ayi, koma chaka china matenda a kolera atavuta, pamudzi wa Mphonde panali chitsime m'munsi mwa madimba a tomato. A zaumoyo anali atalalikira mpaka kusasa mawu kuti: "Musamwe madzi a mumtsinje. Imwani othira mankhwala okha." Iwo ankanena klorini.

Mayi Kamtedza, katswiri wopima madzi kuboma, anatunga madzi a m'chitsimecho m'kabotolo, napezamo poizoni wophera mbozi, pakuti alimi ankatsukira mapampu awo opopera mbewu pomwepo. Koma mayiwa ankaopa kulengeza chinthu cholakwika n'kuopseza anthu pachabe. Anapimanso, kenako anapimanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwawo kunadya sabata ziwiri. Atatsimikiza analemba masamba asanu a Chingerezi chokhachokha chodzaza manambala, natumiza ku wailesi ya m'deralo. Kumudziko sanapondeko phazi.

Muulutsi wa pa wailesiyo, a Chimkonda, anapatsidwa mphindi imodzi pakati pa mauthenga a maliro ndi nkhani za mpira. Anawerenga masambawo mutu uli zweee, ndipo kuimba foni kufunsa anakuona ngati kudzichotsa ulemu, munthu wotchuka ngati iwo. Tsono inu mukuchidziwa Chichewa chathuchi. Chochiza malungo timati mankhwala, chophera makoswe timati mankhwala, cha mfiti nachonso mankhwala. A Chimkonda analengeza ndi mawu awo okoma aja: "Akatswiri apima chitsime cha kwa Mphonde, ndipo atsimikiza kuti muli mankhwala."

Azimayi analulutira. Ngakhale a midzi ina anayamba kubwera ndi ndowa zawo.

A Gwedeza, mlangizi wa zaumoyo pamudzipo, nawonso anamva uthengawo. Klorini anali atasowa kwa mwezi wathunthu, ndipo iwo sanathire kanthu m'chitsimemo. Anadziwa kuti pali chalakwika. Koma mwezi womwewo anali ataona anthu asanu ndi awiri akulowa m'manda chifukwa cha madzi a mumtsinje. Akanena kuti chitsime n'chokayikitsa, anthu akanathawira kuti? Anatseka pakamwa.

Pamudzipo panali Nachisale, mayi wa mwana mmodzi yekha, kamtsikana ka zaka zinayi dzina lake Mwaiwawo. Iye ankatchera madzi a mvula padenga la malata n'kumamwetsa mwanayo. Atamva wailesi anataya madzi ake abwinobwino aja, nakatunga a mankhwala, poti ankamukonda mwana wake. Patapita masiku angapo Mwaiwawo anayamba kuchucha dovu ndi kunjenjemera. Anatsirizika ali kumsana kwa amake, njinga imene anakwera isanafike n'komwe kuchipatala. Ine nkhani iyi imandipweteka nthawi zonse ndikamaifotokoza.

Zoona zake zitamveka, atatu aja anabwera kudzapepesa maliro. Mayi Kamtedza anatenga nsalu, a Chimkonda nkhuku, a Gwedeza lichero la ufa. Anamupeza Nachisale atakhala pamphasa, m'mutu atameta.

"Pepani, amayi," anatero Mayi Kamtedza. "Zomwe ndinalemba zinali zoona. Poizoniyo ndinamutchula dzina pa tsamba lachitatu."

"Tsamba lachitatu," anabwereza Nachisale. "Ine ndikanaliwerengera kuti?"

A Chimkonda anagwada. "Mayi, ine sindinaname. Mankhwala analimodi."

"Analimo, bambo. Ndinawaona akutuluka m'kamwa mwa mwana wanga."

A Gwedeza analankhula maso ali pansi. "Achemwali, kuchokera tsiku lija palibe anamwalira ndi kolera pamudzi pano. Ndikanalankhula, mwina tikanaika ana khumi."

"Ndiye wanga ndi amene munasankha?"

 Nachisale anayang'ana nsalu, nkhuku ndi ufa zili patsogolo pake, kenako anati: "Chipepeso sabweza, ndikudziwa. Koma ine ndilandira cha awiri. Wotsalayo anyamule chake abwerere nacho, chifukwa sindingadye kapena kufunda cha munthu amene anapha Mwaiwawo."

Anatambasula dzanja kuti asankhe, onse atatu akuyang'ana.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, ndiuzeni: abwerere ndi katundu wake ndani? Wodziwa zoona amene anazinena mochedwa m'chilankhulo chosamveka, wolankhula zomveka amene sanadziwe chomwe akunena, kapena uja anazindikira n'kukhala chete pofuna kupulumutsa ambiri?