Makasu a Adzukulu

Panali munthu wina wokonza mawailesi pa kamsika kena kwathu kuno. Dzina ndilibisa, poti ana ake mumawadziwa. Munthuyu ankakonda zatsopano. Ana ake aakazi anawatumiza kusukulu onse atatu, ndipo mkazi wake akamayankhula pagulu iye sankatsokomola. Tsiku lonse wailesi ili kukhutu, ndiye mawu akuluakulu anali nawo odzaza thumba: ufulu, malamulo, chitukuko.

Anali ndi mkulu wake, a Lufeyo, mlimi. A Lufeyo ankakonda zakale. Musawaseke, zakalezo zinalipodi. Basi inkafika nthawi yake. Mvula ikagwa mu Novembala munthu unkabzala osayang'ana kumwamba kawiri. Mtsinje uja mumawoloka mutavala nsapato lero, ife unkatilekeza m'khosi. Ndipo nthawi imeneyo amayi awo anali moyo.

Chaka china cha chisankho kunabwera lole ya zimkuzamawu. Pabwalo la mpira anamangapo nsanja. Amayi analandira nsalu, abambo malaya. Wandale amene anakwera pansanjapo pakamwa anali napo, ndisaname. Anayamba ndi basi ija, mvula ija, mtsinje uja, anthu mpaka misozi. Kenaka anafunsa kuti zonsezi anatenga ndani. Anadziyankha yekha kuti ndi obwera. Anati madimba abwerere kwa eni nthaka, akazi abwerere kumtondo, ndipo aliyense amene agogo ake sanagone m'manda akuno akafune kwawo.

Obwera m'mudzimo linali banja limodzi lokha, a Namakhwa ndi ana awo. Bambo a a Namakhwa anachokera kummwera kalekale kudzalima fodya pa esiteti. Esiteti inatha, iwo anatsala. Anali ndi kadimba kumtsinje, kochita malire ndi ka a Lufeyo.

Tsiku la msonkhanolo wokonza mawailesi anaima kumapeto, manja m'thumba. Anaona mkulu wake atavala malaya a chipani, akuvina, thukuta lili kamukamu. Mtima unamuwawa. M'mawa mwake anapita kwa mkuluyo ndi mawu ake akuluakulu aja. Anatchula malamulo a dziko. Anati wandaleyo ndi wabodza, ndipo omuombera m'manja ndi mbuli zogulidwa ndi malaya. Za bodzazo ankanena zoona. Koma munthu ukamutchula mbuli pakhonde pake, khutu limatseka lokha. A Lufeyo anangoti, "Iwe, mawailesi akudya mutu," n'kulowa m'nyumba. Moni anathera pomwepo.

Patapita masabata awiri kunamveka kuti Loweruka anthu akagwetsa mpanda wa dimba la a Namakhwa ndi kuwauza kuti amange katundu. Wotsogolera anali a Lufeyo.

Lachisanu wokonza mawailesi sanapite kumsika. Anazimitsa wailesi, n'kukhala pansi kuganiza za kale lomwelo limene mkulu wake ankalilira. Mpamene anakumbukira maliro a amayi awo.

Enanu mwina simudziwa. Kwathu kuno munthu sakumba manda a mbale wake. Amakumba ndi adzukulu, anthu a banja lina. Ndiwo amasambitsa mtembo, ndiwo amanyamula, ndiwo amatsikira m'dzenje. Ndipo amaloledwa kukuseka uli m'kati molira. Pa maliro a amayi aja, a Namakhwa anakumba pa nthaka ya miyala, dzuwa la Okutobala lili pamutu, mpaka zikhatho zinatuluka matuza. Pochokera kumanda anavala mpango wa malemuwo, n'kumayenda motsimphina ngati iwo, akukalipira nkhuku ndi mawu awo enieni. A Lufeyo anali atakhala masiku awiri osalawa kanthu. Anaseka mpaka kugwa pamphasa, ndipo tsiku limenelo anadya. Chiyambire nthawi ya bambo a a Namakhwa, zida zokumbira manda zinkasungidwa kwa a Namakhwa komweko.

Loweruka m'mawa anthu anasonkhana pakhomo pa a Lufeyo, zikwanje m'manja, nyimbo ya pamsonkhano uja pakamwa. Wokonza mawailesi anatulukira poteropo atasenza makasu awiri, piki ndi fosholo. Anali atakazipempha kwa a Namakhwa. Aliyense anazizindikira, poti mipini yake inali yofiira ndi dothi la kumanda. Zida zimenezo sizifika pakhomo pa munthu popanda maliro. Nyimbo inazima yokha.

Anazitula pamapazi pa mkulu wake, n'kunjuta ngati mmene ang'ono ankachitira kale.

"Achimwene, mwati tibwerere ku zakale. Ndavomera. Kale munthu sankakumba manda a mbale wake. Manda a amayi anakumba ndi a Namakhwa. Manda a bambo anakumba ndi bambo awo. Poti akuchoka, zida ndi izi. Ndikatsogola ine, mudzakumbe ndinu. Mukatsogola inu ndidzayesa ndine. Koma wodzavala chipewa chanu kuti alamu aseke, ameneyo mumupezeretu nokha."

A Lufeyo anayang'ana makasu aja nthawi yaitali. Wina kumbuyo anayesa kuyambitsanso nyimbo, koma panalibe woilandira. Kenaka mkuluyo anaika chikwanje pansi, n'kusenza zida zija yekha, ulendo wa kwa a Namakhwa. Atafika akuti anangoti, "Adzukulu, katundu wanu anasochera." A Namakhwa anawayankha kuti ayambiretu kunenepetsa tambala, poti tsiku lawo likadzafika adzukulu sadzalandira nkhuku yowonda.

Mpanda uja ulipo mpaka lero. Malaya a chipani a Lufeyo sanawataye ayi, ankalimira mpaka anang'ambika. Amene anamuvotera sindikudziwa, poti m'kachipinda muja ine ndinalibemo.

Tsono ndikuponyereni ndagi: nyumba ndi yako, koma womanga ndi mlendo. Mwaidziwa kale. Inu amene mumati mukamva za pansanja mtima n'kuwawa, musafulumire kumutchula mbale wanu mbuli. Munthu wolira dzulo sanama, dzulolo linalipo. Wabodza ndi uja amafufutamo anthu ena m'dzulomo. Khalani naye pansi mbale wanuyo, mumufunse kuti tsiku lija analira kwambiri, anamugwira dzanja ndani.