Mpira Unagwera M'bango

Bambo Khembo, amene ankaphunzitsa ana mpira pabwalo la m'mbali mwa Shire, anali ndi malamulo awiri basi. "Mpira uimitseni kaye, mudzutse mutu, ndiye mupatsire mnzanu ndi m'kati mwa phazi. Chala chilibe maso. Ndipo mpira ukagwera m'bango, wapita. Musautsatire."

Zuze, mwana wa mlongo wawo, anali nkhutukumve. Iye ankangomenya ndi chala, mpira n'kupita kumene wafuna wokha. Mng'ono wake Dauti, kamwana koonda, ndiye ankamvera, ndipo mpira unkachita ngati wamumatirira kuphazi. Bambo Khembo atagula mpira wachikopa kuti ana asiye chikulunga cha mapepala, anati wousunga akhale Dauti.

Nsanje inamudya Zuze, osati masewera. Mkulu alipo, mpira uzigona kwa kamwana? Anthu akamutama Dauti, iye ankalavula malovu pansi.

Loweruka masana akuluakulu ali kudimba, Zuze anauba mpirawo n'kuthamangira kubwalo. Dauti anamutsatira.

"Achimwene, bweretsani mpira, amalume akalipa."

"Khala chete iwe! Lero uone kumenya kwa amuna."

Anautchaya ndi chala. Mpira unadumpha golo, unadumpha chulu, n'kukagwera m'bango.

"Achimwene, wapita umenewo. Musautsatire."

"Kuti ukandinenere, akakutamenso? Iwalako."

Zuze analowa. Madzi m'akakolo.

"Achimwene, bwererani!"

Madzi m'mawondo. Mpira unkayandama pomwepo, pafupi ndi chipika chakuda.

"Achimwene, ndapota nanu, bwererani!"

Madzi m'chiuno. Zuze anatambasula dzanja, ndipo chipika chija chinatsegula maso.

Matope anamugwira Zuze miyendo, kuthawa kunamukanika. Dauti sanaganize kawiri. Anadumphira m'madzi, anamukoka malaya mkulu wakeyo n'kumukankhira kumtunda. Ng'ona inaphonya wamkulu, inagwira wamng'ono mwendo, n'kuyamba kumukokera kwakuya. Asodzi awiri amene anali m'bwato chapafupi anamva kulira, anapalasa mwamphamvu, anaimenya ndi nkhafi m'maso mpaka inamutaya. Dauti anapulumuka, koma kuchipatala mwendowo anaudula m'bondo.

Ine amene ndikukusimbirani nkhaniyi zinandiwawa zimenezi, ndipo zimandiwawabe. Lero Zuze amaimitsa mpira bwinobwino, amapatsira mwaluso, ndipo pamudzipo palibenso womuposa. Zimene ankafuna zija anazipeza. Akagoletsa chigoli anthu amakuwa, Dauti nayenso amawomba m'manja atakhala pa njerwa, ndodo zake zoyendera zili pambali. Zuze sayang'ana mbali imeneyo.

Ana inu, akulu akati lekani, lekani. Mnzanu akakuposani, m'pempheni akuphunzitseni. Kusamvera kwanu kukhoza kukusiyani inu amoyo ndi athunthu, chilonda n'kupita kwa amene amakukondani.