Mapira a Nankhoma

Ana inu a kalasi ya makompyuta, lero ndakwiya. Ndamva kuti wina wabisa pulogalamu yake kuopa kuti anzake angaikopere. Khalani pansi mumve.

Kalekale kuchigwa kunali mayi wina dzina lake Nankhoma, amene anali ndi mbewu ya mapira opirira chilala. Aliyense wopempha ankamutapira kachikho n'kumuuza lamulo limodzi: "Mukakolola musankhe ngala zabwino koposa, mupatsenso anzanu." Ambiri ankabweranso ndi nkhuku kuti awaphunzitse kalimidwe kake, moti pakhomopo ndiwo sizinkasowa.

Koma mwamuna wake Chikaonda anali wouma manja, munthu woti ngakhale chimfine sangakupatse.

"Kodi a Nankhoma, mutu ukuyenda?" anakalipa. "Mbewu yoti tizisinthanitsa ndi ng'ombe mukungomwaza ngati madeya?"

"Bambo, nanga nkhuku mukudyazi zikugwa kumwamba?"

"Ndanena ndanena! Pano sipatulukanso ngakhale kambewu kamodzi."

Anathira mbewu yonse mumtsuko, n'kumata ndi dothi, n'kubisa kuchipinda. Opempha ankawapitikitsa ndi chibonga. Uchitsiru wake umandinyansa mpaka lero.

Mvula yoyamba itagwa anaswa chomatacho. Munali fumbi lokhalokha, anankafumbwe akuyendayenda atakhuta. Kumunda mizere inali yokonzeka, ana awo asanu akumuyang'ana Chikaonda.

"Dzalani fumbi lanulo!" anatero Nankhoma mokwiya. "Chaka chamawa ana anga adya ng'ombe zanu zam'malotozo?"

Anamusenzetsa dengu kuti akapemphe yekha khomo ndi khomo, kwa anthu omwe aja anawapitikitsa. Anthuwo anamunyogodola, inde, koma anamutapira. Ndipo sinalinso mbewu yakale ija: wina anali atasankha yocha msanga, wina ya maso akuluakulu. Nankhoma atayang'ana m'dengumo anati, "Mwaonatu bambo, kupatsa n'kuika."

Mwambiwo unayambira pamenepo. Chimene wapatsa anthu sichinatayike, wachisungitsa m'nkhokwe zambiri, ndipo chimakula uli chigonere. N'chimodzimodzi mapulogalamu otseguka, amene aliyense amaloledwa kuona m'kati mwake ndi kuwakonza. Poyamba amalonda ankawaseka, lero makampani ambiri akudyera pomwepo, pogulitsa luso ndi thandizo.

Tsono iwe wobisawe, kompyuta yako ikadzafa, udzakapempha kwa yani?